Phazi Loponda Moto

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka lero cha m'ma 11 koloko, wodi ya abambo, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili andipatsa ndi a Debora Kalinde, amene amatsogolera gulu lathu la kafukufuku. Akuti ndizilembamo manambala a shuga. Koma masamba ndi aakulu, ndipo nthawi ndili nayo yoti n'kugawirako ena, ndiye ndizilembamo ndi zina.

Ndine Moffat Mbewe wa ku Mvera, zaka 51, dalaivala. Kwa miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikuyendetsa anthu a kafukufuku wa zakudya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Iwo amayenda m'misika ndi m'mageti a sukulu kulemba malo aliwonse ogulitsa chakudya. Akatero amalowa m'midzi kukayeza anthu pa sikelo, kutalika, m'chiuno, BP ndi shuga, n'kuwafunsa zimene anadya dzulo lake. Akufuna kudziwa chimene chikuchititsa kuti kunenepa kopitirira ndi matenda ake zifike mpaka kumudzi. Ine yanga ndi kuwafikitsa, kutsitsa sikelo, kenako kukadikira pafupi ndi chiwaya cha chipisi.

M'mawa uno tinali pa Chezi. Kunabwera timapepala tatsopano ta makina oyezera shuga, ndipo a Debora anafuna kutiyesa anthu asanasonkhane. Anzawo onse anakana, akuti zala zawo zatopa ndi kubayidwa.

"A Mbewe, tibwerekeni chala," anatero.

Makina anati 486. A Debora anati timapepalato n'towonongeka. Anadzibaya okha, makina anati 92. Anandibayanso ine, 491. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka anafika pa phazi lamanja, limene kwa milungu iwiri ndakhala ndikulivalika sokosi ndi patapata.

"Vulani sokosiyo."

Ndinavula. Pansi pa chala chachikulu panali chilonda. Anangotambasula dzanja n'kuti, "Makiyi."

Anayendetsa okha mpaka kuno. Magiya anga analira njira yonse.

Shuga pofika 478. BP 168 pa 98. Kulemera makilogalamu 104. M'chiuno masentimita 118. Andiika diripi, andibaya insulini, ndipo mankhwala opha tizilombo akulowera mumtsempha.

Lachiwiri, 10 Juni

Shuga m'mawa 352, madzulo 310.

Adokotala athu ndi a Kachere, mzimayi wamfupi woyenda ngati wachedwa basi. Anafunsa mmene chilonda chinayambira. Ndinawauza kuti ndinaponda msomali ndikusintha tayala ku Malomo, ndipo ndinadziwa madzulo nditaona magazi mu nsapato.

"Simunamve kuwawa?"

"Ayi. Ndinati ndine wolimba."

"Kusamva kuwawako ndiye matendawo," anatero.

Anafunsa za ludzu, ndinavomera. Za kukodza pafupipafupi, ndinavomera. Atafunsa za maso ndinazengereza, kenako ndinaulula kuti kuyambira mwezi wa Epulo ndimaona mwachimbuuzi, ndipo zikwangwani za mumsewu ndakhala ndikuziwerenga ndi mtima chifukwa ndimazidziwa kale. Anavula magalasi awo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Manyazi anandigwira, chifukwa ndakhala ndikunyamula ana a eni.

Za chala anati tichiona kwa masiku angapo. Ngati fupa lagwidwa, achichotsa. Ndi chala chachikulu cha phazi lamanja, chimene ndimapondera moto ndi buleki.

Bedi la kumanzere kwanga kuli a Aroni Kamtengo, bambo wazaka 70 wa ku Ntchisi, woonda ngati mpini wa khasu. Ngolo inawathyola ntchafu, ndiye mwendo anaumangirira ku chitsulo ndi chingwe chokhala ndi zolemera kumapeto. Ali muno sabata yachisanu, ndipo anzathu anawasankha kukhala tcheyamani wa wodi. Atamva kuti ndimakonda chipisi anaseka mpaka chingwe chinagwedera.

"Achimwene, ine ndimalima kachewere. Matumba anga amatsikira pa Chezi pomwepo. Ndiye kuti wakugonekani pano ndine."

Ndinawafunsa ngati iwo amadya chipisi. Anati sanalawepo. Yawo amangophika ndi tomato.

Lachitatu, 11 Juni

Shuga 288 ndi 265. Kutsuka chilonda kawiri. Akafika mkati ndiye ndimamva, ndipo anamwino a Lusiya akuti kumvako n'kwabwino.

Akazi anga, a Faines, amene ndimawatchula a Nachisale, afika kuchokera ku Mvera. Mwana wathu Rejoice amusiya kwa achemwali awo. Anabwera ndi dengu: nkhuku yokazinga, mpunga wothira mafuta, mandasi asanu, ndi fulasiki ya tiyi wamkaka amene ndimamudziwa, wa masipuni atatu pa kapu. Fungo linadzutsa wodi yonse.

A Lusiya anafika ndisanatsegule pakamwa. Analankhula mwaulemu, koma dengu linabwerera pansi pa bedi. Anandilola ntchafu imodzi atachotsa khungu. Zotsalazo a tcheyamani anazigawa mwachilungamo, kuyambira bedi lawo.

A Nachisale sanatsutse. Anakhala pa mpando manja ali pamiyendo. Pochoka anangoti, "Mugone bwino, bambo a Rejoice," osandiyang'ana.

Lachinayi, 12 Juni

Shuga 240 ndi 231. Andijambula phazi pa ekisire. Zotsatira mawa.

Masana anabwera amayi a Mvano a kumpingo kwathu, asanu ndi mmodzi. Anaimba nyimbo ziwiri, n'kupempherera wodi yonse, bedi ndi bedi. Mphatso zawo: mabanzi, botolo la thobwa, ndi mapaketi anayi a shuga. Sindinathe kudzigwira, ndinaseka. Mtsogoleri wawo atazindikira anagwira pakamwa.

"Nanga wodwala timamutengera chiyani ngati si shuga?" anafunsa.

Tonse tinakula tikutero. A Aroni anati mphatso ya mpingo sibwezedwa, n'kutambasula manja.

Lachisanu, 13 Juni

Shuga 219 ndi 204.

Fupa likuoneka loyera pa chithunzi, koma a Kachere akuti mnofu wina wafa ndipo uyenera kuchotsedwa ku fiyeta Lolemba. Akatsegula ndi pamene adzadziwe zoona.

Lero ndi tsiku limene ndikufuna kulilemba bwino.

Kunabwera a Andireya, mlangizi wa zakudya wa pachipatala pano, kudzatiphunzitsa ine ndi a Nachisale. Anajambula mbale papepala: theka masamba, mbali ina ndiwo monga nyemba, usipa kapena dzira, ndipo nsima ya mgaiwa yongofanana ndi nkhonya yanga. Mafuta supuni imodzi. Shuga mu tiyi ayi. A Nachisale anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Ndiye kuti bambowa ndawadwalitsa ndine."

A Andireya anayamba kukana, koma iwo anapitiriza, mawu ali pansi.

"Pamene tinkakwatirana anali woonda ngati a bedi ilo. Zaka zimenezo munthu woonda, komanso dalaivala, anthu ankamunong'ona. Ndinkamva pa mjigo. Ndinalumbira kuti wanga adzanenepa mpaka pakamwa pawo padzatsekeka. Atanenepa, kumpingo ankandiyamikira kuti ndimadziwa kusamala mwamuna. Lero mukuti chisamaliro changa ndi chimene chikuwadula chala."

Misozi inatsika. Zaka makumi awiri ndi zitatu tili limodzi, za pa mjigozo sanandiuzepo.

Nthawi yomweyo n'kuti a Debora atafika kudzandiona, ataima kumapazi a bedi. Anakoka mpando n'kuti, "Mayi, mundilole ndiwafunse a Mbewe mafunso amene timafunsa anthu m'midzi. Izi sizilowa mu kafukufuku, n'zapakati pathu. A Mbewe, Lachisanu lapitalo, kuyambira podzuka, munadya chiyani?"

Ndinadziwa kuti ndagwidwa. Mafunso amenewa ndawamva kambirimbiri ndili pamthunzi, ndipo ndikudziwa kuti salumpha kanthu.

"Kunyumba tiyi ndi mbatata."

"Kenako?"

"Pa Chezi mandasi atatu ndi botolo la zoziziritsa kukhosi."

"Lalikulu kapena laling'ono?"

"Lalikulu."

"Kenako?"

Ndinapitiriza. Cha m'ma 10 chipisi ndi mazira awiri, botolo lina. Masana pa Boma nsima yoyera mitanda itatu ndi mang'ina. Pobwerera kanyenya wa mbuzi, timitengo tinayi, ndi botolo lachitatu chifukwa cha ludzu. Zitumbuwa ziwiri zodyera pa chiwongolero.

A Nachisale anasiya kulira. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo.

"Lachisanu lomwe lija munafika kunyumba n'kunena kuti simunalawe kanthu chichokereni pakhomo?"

"Lomwelo."

"N'kumaliza nsima yonse ija?"

"Ndinkaopa kuti ndikasiya mukhumudwa."

Mapewa awo anayamba kugwedera. Ndinkayesa akuliranso, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. A Aroni anati khoti lapeza kuti mayiwa alibe mlandu, ndipo wodi yonse inawomba m'manja.

A Debora anadikira phokoso lithe. Anati mlandu si wa munthu mmodzi. Munthu amene ntchito yake ili pamsewu amadya chimene msewu wamuikira pafupi, ndipo n'zimene iwo akuyesa kuzimvetsa. Ine ndinati pakamwa ndi panga ndithu. Anati inde, koma ndiwatchulire malo amodzi pakati pa Mvera ndi Ntchisi pamene dalaivala wa mphindi khumi angagule masamba ophika. Ndinaganiza msewu wonse, khona ndi khona. Sindinawapeze.

Loweruka, 14 Juni

Shuga 196 ndi 188.

A Nachisale apeza malo kumene amaphikira odikirira odwala. Masana anabweretsa mgaiwa wa nkhonya imodzi, nyemba, ndi mpiru wotendera wodzaza theka la mbale. Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza.

"Mwakhuta?"

"Ayi."

"Mukhuta mawa."

Njala ilipo, sindinama. Koma mpiru unali wokoma.

Lamulungu, 15 Juni

Shuga 181 ndi 175. Kwazizira kwambiri, nkhungu yaphimba phiri mpaka masana. Tinapemphera m'wodi, a Aroni akutsogolera nyimbo ali chigonere. Mawu awo ndi aakulu kuposa thupi.

Kuyambira madzulo ano osadya kanthu. Ndikuopa. Ndalemba kuti ndisadzakane.

Lolemba, 16 Juni

Ku fiyeta 9 koloko. Ndabwerako 11. Phazi lakulungidwa lonse. Sindikudziwa chimene chili mkati. Mutu ukulemera.

Lachiwiri, 17 Juni

Shuga 170 ndi 162.

Zala zilipo zisanu.

A Kachere anamasula bandeji m'mawa, ine ndikuyang'ana kudenga. Anati, "Bambo Mbewe, taonani katundu wanu." Ndinayang'ana. Pansi pa chala pali dzenje loti n'kulowamo nyemba ziwiri, koma ndi lofiira bwino, ndipo fupa silinagwidwe. Anandiuza kuti ndichigwedeze. Chinagwedera.

A Nachisale anaziwerenga mokweza, kuyambira chaching'ono, ngati mmene anawerengera za Rejoice tsiku lobadwa. Atafika pa chachisanu anatuluka panja. Anabwerako maso ali ofiira, atanyamula manachesi awiri. A Lusiya anati limodzi lokha. Linalo linapita kwa a tcheyamani.

Lachitatu, 18 Juni

Shuga 158 ndi 166. Diripi achotsa. Kutsuka chilonda kamodzi patsiku tsopano. Ndagona masana onse ngati mwana.

Lachinayi, 19 Juni

Shuga 149 ndi 155. BP 146 pa 90, andiyambitsa piritsi limodzi la m'mawa.

A Debora anabwera ndi uthenga wa ku ofesi. Apeza dalaivala wongogwirizira, ndipo malo anga akundidikira, bola adokotala asaine kuti maso ndi phazi zili bwino. Ndinafunsa ngati munthuyo akuyang'ana oilo m'mawa uliwonse. Anati akamufunsa.

Kenako anatulutsa tabuleti yawo kundionetsa mapu a malo ogulitsa zakudya amene gulu lalemba. Timadontho tofiira ndi tobiriwira msewu wonse. Anakulitsa pa Chezi kuti ndione bwino. Ndinayang'ana, n'kufunsa kuti amayi a mabeseni ali kuti.

"Amayi ati?"

Ndinawafotokozera. Ndisanayambe ntchito ino ndinayendetsa minibasi zaka khumi ndi zinayi pa msewu wa Salima. Malonda enieni pa siteji amayamba 4 koloko, ana akaweruka ndiponso anthu akamachokera ku Lilongwe. Ndi pamene amatulukira amayi a mabeseni a mandasi, zitumbuwa ndi zibwente, ndi ogulitsa mafiriziki, timadzi totsekemera toundana tija, m'zikulabokosi. Alibe benchi, alibe denga, amathamangira pa windo la galimoto. Gulu lathu limanyamuka 3 koloko chifukwa lamulo la ofesi likuti galimoto ifike kusanade. Ndiye kwa miyezi isanu ndi inayi akhala akulemba msika usanadzuke.

A Debora anaika tabuleti pa bedi.

"A Mbewe, bwanji simunanene?"

"Simunandifunse. Komanso ndinkati za mapu n'za anthu a sukulu."

Anatenga cholembera changa chomwechi n'kuyamba kulemba kuseri kwa envelopu. Tinayenda siteji ndi siteji, Mvera, Chezi, Dowa Boma, Mponela, Malomo, ine ndikunena nthawi imene amafika, zimene amagulitsa, ndi amene amagula. Ndinawauzanso kuti chimanga chootcha, mtedza wophika ndi nthochi zimabweranso nthawi yomweyo, asalembe zoipa zokhazokha. Anati akalankhula ndi akuluakulu awo kuti masiteji onse awerengedwenso madzulo.

Atapita, a Aroni anati, "Achimwene, mwagona muno dalaivala, mutuluka pulofesa."

Ndasangalala lero kuposa mmene ndingalembere.

Lachisanu, 20 Juni

Shuga 141 ndi 150. A Lusiya andiphunzitsa kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, pogwiritsa ntchito kagalasi. Mimba imanditchinga, ndiye kagalasiko n'kofunika. Osayendanso opanda nsapato, ngakhale popita kubafa.

Madzulo kunali mtsutso m'wodi. Bambo wina wa bedi la pakona anati kale kunalibe matenda a shuga, abwera ndi azungu a kafukufuku. A Aroni anati kale shuga weniweniyo ankaoneka pa Khirisimasi pokha, mafuta ophikira ankagulidwa pa kachibotolo ka mankhwala, ndipo munthu wopita ku Boma ankayenda wapansi kukwera mapiri awiri.

"Koma musandinamize kuti kale kunali bwino," anatero. "Ndinaika ana awiri chaka cha njala. Ine sindidana ndi chakudya chambiri. Ndikungoti mdzukulu wanga akapatsidwa ndalama ya kusukulu, pa geti apezepo ndi nthochi, osati zotsekemera zokhazokha."

Wa pakonayo anati nthochi sizikhutitsa. Mtsutso unathera pa mpira.

Loweruka, 21 Juni

Shuga 138 ndi 144.

Rejoice anabwera ndi achemwali a amayi ake aja. Ali Fomu 3, ndipo wandiuza kuti zonse za shuga anaphunzira kale mu Bayoloje. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandichenjeze. Anati, "Adadi, inu mumamva za munthu?" Amayi ake anayang'ana kumbali kubisa kuseka.

Chinthu china. Pa khoma la kutsogolo kwanga pali chipepala chachikulu chimene kuyambira tsiku lofika ndimangoona mitundu yake. Lero ndikumwa madzi ndinazindikira kuti ndikuwerenga mawu ake, mpaka ang'onoang'ono a m'munsi. N'cha kasambidwe ka m'manja. Ndinachiwerenga chonse mokweza kawiri. Sindinadziwe kuti malangizo osamba m'manja angakome chonchi.

Lolemba, 23 Juni

Shuga 129 ndi 140. Insulini asiya. Ndayamba mapiritsi a metifomini, limodzi m'mawa limodzi madzulo, pakudya. M'mimba mukuwira pang'ono, akuti zidzatha.

Lero a Aroni awamasula ku chitsulo patatha milungu isanu ndi iwiri. Atakhala tsonga chizungulire chinawagwira, anagwira dzanja langa. Masana anawapatsa ndodo ziwiri zoyendera. Inenso andilola kuyenda ndi ndodo imodzi, kupondera chidendene, chala chili m'mwamba.

Anayambitsa ndi iwo. Anati tione amene ayambe kufika pa khomo la khonde. Ndi mtunda wa mabedi asanu ndi atatu. A Lusiya anakana, kenako anati bola iwo ayende pakati pathu. Wodi yonse inadzuka, ena akuchemerera Ntchisi, ena Mvera. Tinayenda ngati afulu awiri okalamba. Pa bedi lachisanu ndi chimodzi a Aroni anaima kupuma, ine n'kuima nawo, chifukwa kupambana mkulu wa zaka 70 wa mwendo umodzi si ulemu. Nditangoima iwo ananyamuka n'kukagwira chitseko.

"Dalaivala wabwino saima pamene palibe siteji," anatero akupuma mwawefuwefu.

Tinakhala pa benchi ya pakhonde kuothera dzuwa. Anali asanaone kunja kuyambira mwezi wa Meyi. Anayang'ana mapiri, kenako anati kwawo kachewere wa kudimba ayenera kuti wayamba maluwa.

Lachiwiri, 24 Juni

Shuga 124 ndi 136. Chilonda chikudzaza kuchokera pansi. Sikelo ikuti 99. A Andireya akuti ena mwa makilogalamuwo ndi madzi chabe, ndisadzitame, ndipo ulendo ndi wa miyezi yambiri. Ndadzitama pang'ono basi.

Tinakhala nawo pansi kukonza za kuntchito. A Nachisale azindiikira chakudya m'kontena: nyemba kapena mazira owiritsa, masamba, mbatata yophika imodzi. Mtedza wokazinga wopanda mchere wodyera panjira. Botolo la madzi la malita awiri. Gulu likakhala m'mudzi, m'malo mokhala pa chiwaya ndiziyenda nawo kunyamula sikelo, phazi likapola. Ndinafunsa ngati chipisi ndasiyana nacho mpaka imfa. A Andireya anati kamodzi pa mwezi, kambale kakang'ono, nditadya kale masamba. A Nachisale anati iwo adzakhalapo pa tsikulo.

Lachitatu, 25 Juni

Shuga 121 ndi 133.

Andiyeza maso. Ndawerenga mpaka mzere wachiwiri kuchokera pansi, diso lililonse palokha. Anandithira mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuyang'ana mkati ndi tochi. Akuti sakuona choopsa, koma andilembera kalata yokaonana ndi a maso ku Lilongwe kuti akatsimikize, ndipo ndiziyezetsa chaka chilichonse. A Kachere akuti chilonda chikatsekeka, mwina milungu inayi, adzasaina pepala la ku ofesi.

A Debora anaimba foni. Akuluakulu avomera. Kuwerenga kwa madzulo kuyamba mwezi wa mawa, ndipo akufuna ndidzakhale nawo pokonza ndondomeko ya masiteji, ngakhale ndisanayambe kuyendetsa. Anawonjeza kuti wogwirizira uja oilo akuyang'ana.

A Aroni atuluka lero. Mwana wawo anabwera ndi galimoto ya matola. Utcheyamani anausiyira wa pakona uja. Kwa ine anati akadzakumba atumiza thumba la kachewere ku Mvera, koma lidzalembedwa dzina la a Nachisale, chifukwa ine sangandikhulupirire nalo. Tinagwirana chanza nthawi yaitali. Bedi lawo aliyala kale nsalu zina.

Lachinayi, 26 Juni

Shuga m'mawa 118. BP 134 pa 84. Ndikutuluka.

Malangizo: metifomini kawiri patsiku, piritsi la BP m'mawa, kutsukitsa chilonda ku chipatala chaching'ono kwathu masiku atatu alionse, kubweranso kuno pa 10 Julaye ku kiliniki ya shuga.

A Nachisale anasowa m'mawa wonse. Ndinalongedza ndekha, n'kukhala pa bedi kudikira. Anafika cha m'ma 10 atanyamula kabuku ka chipatala katsopano, thonje lili pa chala.

"Munali kuti?"

"Pa mzere."

Anandipatsa kabukuko. Anapita okha kukayezetsa, osauza munthu. Shuga 104, ali bwino. BP 152 pa 94, ndipo awauza kuti abwerenso kuti akaonenso. Sikelo sindilemba, andiletsa.

"Tsiku lake ndawapempha kuti likhale 10 Julaye lomwelo," anatero. "Mbale ija ya a Andireya ndijambula ziwiri. Simungamadye nkhonya imodzi ine ndikudya zitatu patsogolo panu."

Ndinawafunsa ngati sakuopa kuti pa mjigo ayambanso kunong'ona tikayamba kuonda tonse awiri.

Anamanga chitenje bwinobwino, n'kusenza chikwama pamutu.

"Anong'one. Ndidzawauza abwere adzawerenge zala."

A Lusiya abwera ndi njinga ya odwala kuti andiperekeze pa geti. Ndawathokoza, koma ndapempha ndodo yanga.